Mchere wa M'kansalu Koyera

Ngelengele, ngelengele. Kanali kabelu kamkuwa, kakang'ono kokwana m'dzanja. Mpaka lero ndikamva supuni ikugunda kapu kukhitchini, miyendo yanga imafuna kunyamuka yokha kupita kuchipinda chakumapeto kwa kolido, kumene a Ashworth ankagona. M'nyumba yosamalira okalamba imene ndinkagwirako ntchito ku Bolton, chipinda chilichonse chinali ndi batani loitanira antchito, koma mkulu ameneyu ankalikana. Ankaitana ndi kabelu kake basi.

Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chake sitipita ku Bolton kukakhala ukwati kapena maliro a Amalawi, chikhalirecho sitima ilipo. Mwandifunsanso za kansalu komanga mfundo kamene kamakhala m'dirowa yanga ya masokosi. Ndinkangoti tidzakamba. Tsopano ndapuma pa ntchito, mawondo atha, ndipo munthu amene ndinkakhalira chete chifukwa cha iye anatsogola. Ndalemba m'Chichewa dala. Pamene pakuvutani, amayi anu akumasulirani.

Liverpool, 2002

Ntchito yanga yoyamba m'dziko lino inali yochapa. Kumudzi ndinagwira zaka zambiri pachipatala cha mishoni kwathu ku Dedza monga wothandiza m'wodi: kusambitsa odwala, kukolopa, kunyamula omwalira. Kuno ndinapezeka kunsi kwa hotela ina pafupi ndi doko, m'chipinda chopanda zenera, ndikupinda mabedishiti otentha. Bwana wathu anali mzungu wamfupi, wonenepa khosi, ndipo Chingerezi chake sindinkachimva. Anthu a ku Liverpool amayankhulira kukhosi ngati munthu amene watsamwa munga wa nsomba. Ndinkangoyang'ana manja ake ndi kumene maso ake aloza, n'kuchita chomwecho. Iye ankanditama kuti ndine wakhama, osadziwa kuti zambiri zimene amanena zimangondidutsa. Kuyang'anitsitsa kumeneku sindinakuphunzire ku Liverpool. Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, Anabanda, makolo anga atamwalira motsatizana ine ndili wamng'ono, ndipo pakhomo pathu unkayenera kuwerenga nkhope ya mlendo asanapereke moni.

Nthunzi ya makina ija inandiyambitsa chifuwa. Lamlungu lina, pa mapemphero a Amalawi amene tinkachitira m'holo yobwereka, kunabwera mlendo wochokera ku Bolton, a Mbewe. Anali munthu wamtali, wanthabwala, woseka ndi thupi lonse. Atandimva ndikutsokomola anandimenya pamsana.

"Achimwene, mukufera chiyani m'dzenjemo? Bwerani kukeya, kosamalira okalamba. Kuchapa nkhalamba ndi kuchapa bedishiti n'chimodzimodzi, kungoti nkhalamba imatukwana."

Anati kuntchito kwawo akufuna anthu, ndipo kunyumba kwawo kuli chipinda chakumbuyo chopanda munthu. Mwezi usanathe ndinali nditasamuka.

Bolton, 2003

Nyumba ya a Mbewe inali mumzere wa nyumba za njerwa zofiira, zolumikizana ngati mabogi a sitima. Akazi awo, Anachisale, anali nesi pachipatala chachikulu cha boma, ndipo mashifiti awo anali aatali moti nthawi zambiri wophika ndinali ine. Ndinkaphika mpoto umodzi wa ndiwo tonse atatu, aliyense n'kumapakula akaweruka. Lamlungu tinkakwera basi kupita ku mapemphero amene ankatsogolera a Nkhoma, mkulu wa mpingo amene kumudzi anali mphunzitsi wamkulu. Tikatha kupemphera mayi aliyense ankavundukula chimene wabweretsa, nanenso ndinkabweretsa nyemba zanga. Ndikufuna mumvetse chimene gulu limeneli linali kwa ine. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo pamalo pamene anthu amandisungira mpando. Kumeneko ankandisungira. Anandiika kuimba besi. Ana ankandikwera pamsana akufuula kuti ankolo, ankolo. Munthu wa zaka makumi anayi, ndinali nditapeza abale kwa nthawi yoyamba.

Kuntchito manijala wathu anali mayi wina dzina lake Doreen, wosagona tulo ndi kuchepa kwa antchito. Sanali woipa mtima, koma zinthu zinkasowa. Magolovesi ankawakiyira mu ofesi. Makina onyamulira okalamba pabedi, amene tinkawatcha hoisiti, anali amodzi kolido yonse, ndipo batire lake linkafa dzuwa lisanafike pamutu. Lamulo linkati munthu asanyamulidwe popanda hoisiti ndi antchito awiri. Mmawa wambiri tinkakhala ochepa moti lamulolo linkatsala papepala.

Doreen anandipatsa a Ashworth kuti ndiziwasamalira chifukwa anzanga anali atatopa ndi kabelu. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pa ntchito, wosakwatira, amene sitiroko inamupha mbali imodzi koma mutu n'kuusiya. Ali mnyamata anakhala zaka zingapo ku France akuwerenga mapepala akale a milandu ya ufiti. Ndinkawameta ndevu mmawa uliwonse, ndipo nthawi imeneyo ndiyo ankayankhula. Dzina langa la Yohane iwo analisandutsa John.

"John, kodi kwanu kuli mfiti?" anandifunsa tsiku lina, thovu lili m'masaya.

Lezala inaima m'dzanja langa. "Anthu amanena," ndinatero.

"Wayankha bwino. Ku France nakonso anthu ankanena."

Kuyambira tsiku limenelo anandisandutsa mwana wa sukulu. Anandiuza kuti zaka mazana anayi zapitazo, m'midzi ya kumeneko, mtambo wa matalala ukamabwera anthu ankathamangira kutchalitchi kukaliza belu, poti ankati matalala amatumizidwa ndi mfiti kuti aphwanye tirigu ndi mphesa, ndipo mfiti siipirira kulira kwa belu lodalitsidwa. "Ine langali ndimathamangitsira Doreen," anatero. Anandiuzanso kuti paukwati, wansembe akamadalitsa, munthu wanjiru ankatha kumanga mfundo pachingwe m'thumba mwake, mkwati n'kukalephera m'nyumba, ndipo mantha a mfundoyo anakula mpaka ena ankakwatitsa mobisa. Ndinaseka, ndikuti zimenezo kwathu ziliko. Ndinkadabwa kuti azungu amene anatibweretsera sukulu ndi chipatala nawonso anagonapo ndi mantha omwewo.

Koma mmawa wina sanaseke. "Chimene chinkandisowetsa mtendere m'mapepala aja sichinali moto umene ankawotchera anthu," anatero. "Unali mkate ndi mchere. M'dera lina lotchedwa Lorraine, munthu akadwala matenda osamveka, achibale ankayamba kukumbukira amene anakangana naye. Kawirikawiri ankakhala mayi wokalamba, wosauka, woyandikana naye nyumba, amene tsiku lina anamumana mkaka kapena nkhuni. Ankapita kwa woombeza, woombeza n'kuwauza kuti akatenge mkate, mchere ndi phulusa za m'nyumba ya mayiyo, wodwala adye. Nthawi zina ankamuitana mwiniwakeyo kuti adzamuone wodwala ndi kumupatsa chakudya ndi dzanja lake. Tsono taganiza, John. Akakana, ankati taonani kuuma mtima kwa mfiti. Akavomera wodwala n'kuchira, ankati wamasula yekha chimene anamanga. Wodwala akafa, ankati wamumaliza. Zimenezi ankazisunga m'mitima zaka ndi zaka, akupatsanabe moni, akubwerekanabe makasu. Tsiku la mlandu likafika, aliyense ankabwera ndi kake."

Ndinapukuta lezala, ndinatulutsa beseni, ndinakadzitsekera m'chipinda chosungira matawulo. Mkuluyo sankadziwa kuti wandifotokozera agogo anga.

Makolo anga atamwalira, mudzi unati Anabanda adya ana awo. Palibe amene ananena poyera. Tinkangoona kuti mbale yathu ikapita kwa anansi imabwera yochapidwa ndi phulusa. Ndili pafupi kumaliza pulayimale, mtsikana wa pakhomo loyandikana nafe anadwala, agogo atangokangana ndi amayi ake za mbuzi imene inadya chinangwa chathu. Anabwera amuna a pabanjapo, zipewa zili m'manja, kudzapempha kuti agogo akathire mchere m'phala la mtsikanayo ndi dzanja lawo. Agogo anamanga chitenje n'kupita. Mtsikana uja anachira. Denga la nyumba yathu analiwotcha masana, anthu akuonerera. Tinakamanga kakhumbi kutsidya kwa dambo, ndipo agogo sanaitanidwenso kukaphika pamaliro kapena pachinkhoswe mpaka imfa yawo. Sindinawafunsepo chifukwa chimene anapitira. Ndinangolumbira mumtima kuti dzina limene linawagwera lisadzandigwere ine, ndipo ndinkaona ngati nyanja zimene ndinawoloka zalitsekereza.

Sizinalitsekereze. Amayi awo a Mbewe anali a mudzi wa kutsidya kwa phiri lathu. Tsiku lina a Mbewe akuimba foni kumudzi anatchula dzina langa ndi mudzi wanga, ndipo mayiwo anafunsa ngati ndili mdzukulu wa Anabanda. Madzulo ake a Mbewe analowa m'khitchini akuseka.

"Achimwene, kodi bwanji simunatiuze kuti munabwera pa lichero? Ife kuvutika ndi viza, inu kungotera padenga! Mwaliimika kuti, kuseri kwa mabini?"

Anachisale anawakalipira kuti asiye zopusa. Nanenso ndinaseka. Koma chikombe cha ndiwo chinandilemera m'dzanja.

Nyengo yozizira, 2004

Mmawa wina hoisiti inafa ngati mwa masiku onse. A Mbewe ananyamula okha mayi wina wokalamba kuchoka pabedi kumuika pampando, ndipo mkono wa mayiyo unachita chilonda cha mkati, khungu n'kuda. Mwana wake atabwera kudzamuona anakwiya. Doreen anandiitana mu ofesi poti ndinali m'kolido yomweyo. Ndinanena kuti batire linali litafa ndipo tinali operewera, poganiza kuti ndikuteteza a Mbewe. Doreen anawapatsabe a Mbewe chenjezo lomaliza. Iwo anangoona kuti ndalowa mu ofesi, ndatuluka, kenako aitanidwa.

Kunyumba anandipeza ndikuthira mchere mu ndiwo. Nthabwala zonse zinali zitatha.

"Ndinakutolani m'dzenje ku Liverpool, lero mukundigulitsa kwa mzungu? Magazi sanama. Mwana wa njoka!"

Sindidziwa kukangana, mawu amandithawa. Ndinangowayang'ana, monga ndimayang'anira munthu aliyense ndikafuna kumumvetsa. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kunena kuti, "Musandiyang'ane choncho." Ndinavundikira mpoto, ndinalongeza katundu wanga, ndipo mawa lake ndinakapeza kachipinda pamwamba pa shopu ina pafupi ndi siteshoni. Ndiwo zija ndinazisiya pa chitofu. A Mbewe anadya.

Pasanapite nthawi a Mbewe anayamba kumva dzanzi kumapazi. Linakwera m'miyendo. Anagwa pamasitepe a kuntchito, ndipo pofika Khirisimasi anali m'chipatala, osatha kugwira supuni. Munthu wamtali uja, woseka ndi thupi lonse, ankatembenuzidwa pabedi ngati nkhalamba zathu. Madokotala atapima ananena kuti ndi matenda a mitsempha, oti thupi limadziukira lokha, ndipo ambiri amachira pang'onopang'ono ngati akudya ndi kulimbikira mafizo. Ndinapita kukawaona koma Anachisale anandibweza pakhomo la wodi, maso ali pansi, akuti odwala atopa.

Ku mapemphero ndinayamba kuona zimene ndinkaziona ndili mwana. Palibe amene anandinena. Koma ndikalowa, nkhani inkasintha. Mayi wina amene mwana wake anathamangira kwa ine anamuitana mwachangu kuti akavale jekete, m'holo muli motentha. Popempherera a Mbewe, mawu akuti "aliyense amene wamanga mtumiki wanu" ankatuluka mokweza, ndipo ndinkamva maso pakhosi panga ngakhale onse anali atatsinzina. Ndinkaweruka kuntchito mdima utagwa kale, poti kuno nyengo imeneyo dzuwa limalowa masana, n'kumayenda m'misewu yonyowa ndikutembenuka pafupipafupi. Sindinkaopa kumenyedwa, kuno kuli apolisi. Ndinkaopa kugogoda kwa pakhomo, kwaulemu, kwa anthu ogwira zipewa m'manja.

2005

Anagogoda Loweruka lina masana, chaka chitangoyamba. Anali a Nkhoma ndi Anachisale. Ndinawapatsa mipando, ine n'kukhala pabedi. A Nkhoma anayamba ndi pemphero, kenako anazungulira nkhani monga achitira akuluakulu, za kuzizira, za ulendo wa basi, za kukhululukirana. Anachisale anawadula.

"Achimwene, bambo akunyumba asiya kudya. Mafizo akukana. Akuti palibe phindu poti amangidwa. Apongozi anapita kwa munthu wina kumudzi, ndiye wanena kuti amene ankawathirira mchere ndi yemweyo angawamasule. Akuti mutape mchere wa m'nyumba mwanu, mumange pa kansalu koyera ndi manja anu, mupereke pamaso pa mboni. Ine ndikathire m'phala."

"Inu ndinu nesi, alamu," ndinatero. "Mukukhulupirira zimenezi?"

"Ine ndikudziwa dzina la matenda awo, ndingakulembereni. Koma dzinalo silikuwadyetsa. Akuonda ndikuona."

A Nkhoma anakonza kukhosi. "Palibe amene akukunenani kanthu, a Banda. Ife ndife Akhristu. Kungoti mchere ndi mchere. Ngati mulibe chifukwa, mukutaya chiyani?"

Mawu amenewo ndinawamvapo ndili mwana, pakhonde la agogo. Ndinapempha kuti andipatse mpata mpaka Loweruka linalo. Atatuluka ndinakhala ndikuyang'ana paketi ya mchere imene inali pashelefu pambali pa shuga, ya m'shopu ya pansi, yofanana ndi ya m'nyumba iliyonse mu Bolton.

Lolemba mmawa kabelu kanalira. Ndinawameta a Ashworth mwakachetechete mpaka anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Wandicheka kawiri, John. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, kuyambira kwa agogo. Kanali koyamba kuuza munthu nkhani imeneyi. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza ndinafunsa chimene ndinadzera.

"Bambo, munawerenga milandu yambiri. Amene anapulumuka ankatani? Ankapereka kapena ankakana?"

Anayang'ana kuzenera, kumene mvula inkatsetsereka pagalasi. "Sindikudziwa," anatero. "Mapepala amene ndinawerenga ndi a anthu amene anafika kukhoti. Amene anapulumuka palibe anawalemba. Ndakhala moyo wanga wonse ndi nkhani imeneyi, ndipo lero wandifunsa chinthu chimodzi chofunika, ndilibe yankho."

"Nanga a m'mapepalawo?"

"Ambiri ankapereka. Ena ankaopa kumenyedwa. Koma ena ndikhulupirira ankangomva chisoni. Wodwalayo ankakhala munthu amene anamuona akubadwa, kapena amene anadya naye mbale imodzi. Ankadziwa msampha, John. Sanali opusa. Ankapita akuudziwa."

Anayesa kundiuza kuti ndikanene kwa madokotala kapena kwa apolisi, kuti dziko lino lili ndi malamulo. Ndinawathokoza. Koma wapolisi sangalamule munthu kuti akusungire mpando, ndipo dokotala sangameze phala m'malo mwa wodwala.

Sabata imeneyo ndinaiyeza nkhaniyi mbali zonse. Ndikakana, a Mbewe n'kumwalira, ndikhala wowapha. Ndikakana n'kuchira, mwina dzina langa lipulumuka, koma munthu wosadya achira bwanji? Ndikapereka, ndavomera pamaso pa mboni, ndipo a Nkhoma sasunga nkhani. Ndinaganiza zothawa osatsanzika, koma kuthawa nakonso n'kuvomera. Chimene chinkandibwerera m'maso si nkhope ya a Mbewe yaukali ija, koma dzanja lawo likundimenya pamsana ku Liverpool. Ndinakumbukiranso agogo akumanga chitenje. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anapita chifukwa sankadziwa chimene chidzatsatire. Sabata imeneyo ndinazindikira kuti ankadziwa.

Loweruka anabweranso awiri aja. Ndinang'amba kansalu ku mpango wanga woyera wa kutchalitchi. Ndinatapa mchere ndi zala, wina n'kutayikira patebulo, ndipo ndinaona a Nkhoma akusuntha mpando wawo kuti usawagwere. Ndinamanga mfundo imene tinkamangira mabandeji kuchipatala cha mishoni, nsonga zonse kuloza mbali imodzi. Ndinapereka kwa Anachisale ndi manja awiri.

"Ndilibe chifukwa ndi a Mbewe," ndinatero. "Mulungu akudziwa. Akadye, achire."

"Ameni," anatero a Nkhoma, akuyang'ana chitseko.

A Mbewe anadya phala tsiku lomwelo. Anayamba mafizo. Zala zinayamba kugwedezeka, kenako manja, monga madokotala ananenera. Pofika nthawi imene mitengo imaphukira anali akuyenda ndi ndodo. Nkhani iliyonse yabwino yochokera kuchipatala inkandisangalatsa ndi kundiopsa nthawi imodzi.

Lamlungu limene a Mbewe anabwera koyamba ku mapemphero, anthu anaimba mpaka mawindo kunjenjemera. Iwo anaima kutsogolo n'kuchitira umboni kuti maunyolo a mdani adulidwa. Sananditchule. Sanafunikire kutero. Nthawi ya chakudya mipoto yonse inatha kupatula wanga wa nyemba, umene unakhala wovundikira kumapeto kwa tebulo, chikombe chili choyera. Ndikupinda mipando, a Nkhoma anandikokera pambali.

"A Banda, mwachita bwino, ndipo takhululuka tonse. Koma anthu mitima ikadali m'mwamba, makamaka amayi a ana. Bwanji mupumuleko kaye ku kwaya? Ndi kubwera komwe, kwa kanthawi."

Ndinanyamula mpoto wanga wodzaza n'kukakwera basi. Kuntchito Amalawi anzanga anayamba kupempha Doreen kuti asawaike shifiti imodzi ndi ine, ndipo m'chipinda chopumulira makapu awo anayamba kuwabisa m'zikwama. Doreen anandifunsa kuti ndawalakwira chiyani. Nditamva kuti ku Rotherham kukufunika anthu a keya ndinapempha malo, ndipo ananditenga. Kumeneko n'kumene ndinadzakumana ndi amayi anu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tsiku lomaliza ndinawameta a Ashworth bwinobwino, osawacheka. Anandifunsa za wodwala uja, ndipo nditati wachira anatseka maso. Ndikutsika masitepe ndinamva kabelu kakulira kumbuyo kwanga, kosaitana munthu, kungolira. Sindinabwerere.

Ndinali nditaima pa siteji ya basi, kamvula kakuwaza, pamene ndinamva mawu kumbuyo.

"A Banda."

Anali Anachisale, yunifolomu ikuonekera kunsi kwa jasi. Anayang'ana uku ndi uku mumsewu asanayandikire.

"Ndamva mukusamuka."

"Eya, alamu. Mawa. Odwala ali bwanji?"

"Ayamba kukwera masitepe okha." Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kansalu koyera. Mfundo inali yomwe ija, nsonga zonse kuloza mbali imodzi. Sinamasulidwepo. "Sindinathire. Ndinathira wa m'timapepala ta kukantini. Iwo anangoona kansaluka m'manja mwanga, basi."

Ndinagwira chitsulo cha siteji. "Chifukwa chiyani?"

"Ndinaopa. Ndinati ngati n'zabodza, mchere uliwonse ugwira ntchito. Koma ngati n'zoona, nanga mukanawamaliza? Pepani, achimwene. Nanenso ndinakulira kumudzi."

"Ndiye mukawauza a Nkhoma. Mukauza anthu kuti a Mbewe achira popanda mchere wanga."

Anapukusa mutu, misozi ikusakanikirana ndi mvula. "Bambo akunyumba akadziwa kuti sanadye wanu, agwanso. Ndikuwadziwa. Akuyenda ndi mchere wanuwo. Kutaya ndalephera, kusunga m'nyumba ndikuopa. Chonde, musauze munthu iwo ali moyo."

Basi yanga inatulukira pakona. Ndinatambasula dzanja. Anachisale anaika kansalu kaja pachikhatho changa mosamala kuti zala zathu zisakhudzane, anakweza kolala ya jasi, n'kuwoloka msewu.